Kompyuta ndi ya Ofesi, Manyazi ndi Athu

Ife amene tsiku lathu limathera pa kompyuta, alembi, makalaliki a za ndalama, olowetsa mayina m'makaundula, aphunzitsi otaipa mayeso, a zaumoyo otumiza malipoti a pamwezi, tili ndi dandaulo limene takhala tikung'ung'udza nalo m'makhonde kwa zaka zambiri popanda wolimvera. Ndi la mawu otuwa amene amamera pakona ya m'munsi ya sikirini, chakumanja, akuti "Activate Windows". Akabwera sachoka. Utsegule kalata, alipo. Utsegule Excel, akhala pamwamba pa manambala omalizira, pomwe pali chiwonkhetso chimene ukufuna kuwerenga. Ulumikize pulojekita pamsonkhano, pali mafumu, pali alendo ochokera ku likulu, mawuwo amakula n'kuoneka pakhoma ponse, ndipo aliyense wodziwako za makompyuta m'chipindamo amayamba kuganiza kuti ofesi yathu imagwirira ntchito zinthu zakuba. Woyima kutsogolo n'kumachita manyazi ndiwe.

Komatu kompyutayo sitinagule ndife. Sitinasankhe sitolo, lisiti sitinalione, sitinali pomwepo pamene munthu wina ankaikamo Windows. Ambiri a ife tilibe ngakhale pasiwedi ya admin, moti ukafuna kungokonza deti kompyuta imafuna chilolezo cha munthu amene ali ku likulu. Koma uthenga ukangotuluka, funso loyamba limene timakumana nalo ndi lakuti, "Mwaipanga chiyani?" Ena amaonjezera kuti, "Kapena munalowetsamo fulashi ya kunyumba?" Zimawawa. Mayi wagwira ntchito mokhulupirika mpaka imvi, sanasowetsepo ngakhale cholembera cha ofesi, lero akufunsidwa ngati mwana amene waswa kanthu, pa chinthu chimene sanachikhudze ndipo alibe mphamvu yochikonza.

Tikakanena kwa a bwana, yankho timalidziwa kale: "Bola ikuyaka, pitirizani ntchito." Pa Windows 10 ndi Windows 11 mawu amenewa ali ndi choonadi pang'ono, chifukwa kompyuta imapitirizadi kuyenda, imangokana kuti usinthe chithunzi ndi mitundu ya pasikirini, n'kumakukumbutsa kosalekeza. Koma si zonse zimathera pamenepo. Amene tinagwirako pa Windows 7 tikukumbukira sikirini ikusanduka yakuda bii, ukabwezeretsa chithunzi pakangotha ola limodzi yadanso, m'munsi mutalembedwa kuti Windows imeneyi si yeniyeni. Palinso ena a ife amene anapatsidwa makompyuta okhala ndi Windows yongolawitsa, ija yolembedwa kuti Evaluation, imene makampani amaitenga ulere kuti aiyese kwa masiku 90. Masikuwo akakwana, kompyuta imayamba kudzizimitsa yokha ola lililonse. Taganizirani kumapeto kwa mwezi, kalaliki akukonza malipiro a anthu, magetsi angobwera kumene ndipo sakudziwa kuti akhala mpaka liti, kompyuta n'kumathima yokha ola ndi ola. Panja anthu ali pamzere, wina wachokera kutali pa kabaza kudzatenga kalata imodzi yokha, ndipo woti awauze kuti abwerenso mawa ndi ife, chifukwa a bwana ali mkati chitseko chotseka.

Ndiye pali kamzere kachenjezo ka pamwamba pa Word ndi Excel, kamene kakakhazikika umangotha kuwerenga kalata koma osalembamo kanthu. Kameneko n'kosiyana, poti Office ili ndi laisensi yakeyake. Palibe anatifotokozerapo zimenezi, choncho timangoti kompyuta yakana, wokonza n'kubwera kudzalimbana ndi Windows imene inalibe vuto.

Tinene poyera kuti ife sitikukana zolipira. Amene anapanga pulogalamu ayenera kulandira zake, monga momwe ifenso timayembekezera malipiro mwezi ukatha. Chiyambire Windows XP mu 2001, Microsoft inakhazikitsa lamulo lakuti Windows izitsimikiziridwa kuti ili ndi laisensi, kudzera pa kiyi wa zilembo ndi manambala 25 ogawidwa m'magulu 5. Lamulolo n'lomveka. Chimene chimatipweteka n'chakuti uthenga wa pakona uja ndi umodzi kwa wakuba ndi kwa wosalakwa. Kompyuta imene ofesi inalipira ndalama zonse imalemba mawu omwewo amene imalemba ya munthu amene anakopera Windows pamsika. Kusiyana kwake kwabisika mu kanambala koyamba ndi 0x kamene kamapezeka mu Settings, pa tsamba la Activation, ndipo ndi anthu owerengeka m'maofesi mwathu amene anaphunzitsidwa kukawerenga. Ena a ife, titatopa n'kufomatiridwa makompyuta, tinayamba kukalemba pakapepala n'kumafunsana ndi anzathu a m'maofesi ena. M'menemo ndi m'mene tinadziwira kuti vuto limene tinkauzidwa kuti ndi limodzi lija lili ndi magwero ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ali kutali ndi desiki yathu.

Gwero lalikulu, makamaka kwa ife a m'maboma, ndi laisensi zopikula. Mabungwe akuluakulu sagula kiyi wa kompyuta imodziimodzi. Amapikula laisensi zambiri pamodzi n'kuika seva imodzi ku likulu, imene amaitcha KMS, ndipo kompyuta iliyonse imakapempha chilolezo kwa seva imeneyo kudzera pa netiweki ya bungwe. Chilolezocho si chamuyaya. Chimakhala cha masiku 180, ndipo kompyuta imayesa kuchikonzanso mwakachetechete masiku 7 alionse. Amene amakhala ku likulu saona vuto lililonse, chifukwa chingwe chili pamapazi pawo ndipo masiku awo 180 amangoyambiranso sabata ndi sabata. Tsono tengani laputopu yomweyo muipereke kwa mlangizi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, amene intaneti yake ndi bandulo ya pafoni, amene sanapatsidwe VPN yolowera mu netiweki ya ku likulu. Miyezi 6 ikamayandikira amayamba kulandira chenjezo lakuti laisensi yatsala pang'ono kutha, kenako mawu aja afika pakona, ndipo akakayang'ana kanambala amapeza 0xC004F074, kutanthauza kuti seva ija sikupezeka. Intaneti ali nayo, Facebook ikutseguka, imelo ikupita, koma seva ili mkati mwa netiweki imene iye sangalowemo. Akaimba foni amauzidwa kuti, "Achimwene, mudzabwere nayo kuno." Ulendo wa tsiku lathunthu, ndalama ya basi, malo ogona, ntchito ya kumudzi itaima, kuti laputopu ikalumikizidwe pachingwe kwa mphindi zochepa. Pomwetu njira zina zilipo ndipo n'zodziwika bwino kwa a IT: kuipatsa kiyi wa mtundu wa MAK amene amatsimikizira kamodzi basi, kapena kungomukonzera munthuyo VPN. Woyenera kuganiza zimenezi ndi amene amagawa malaputopu, pa tsiku logawalo, chifukwa iye ndiye amadziwa kuti iyi ikutsala pano ndipo iyi ikupita kutali.

Palinso maofesi ang'onoang'ono amene anakonzeredwa seva yawoyawo, wokonzayo osadziwa kuti seva ya KMS siyamba kupereka chilolezo kwa makompyuta wamba mpaka itaona osachepera 25 akuipempha. Ofesi ya anthu 12 ingadikire mpaka chaka chamawa, kanambala kake kadzakhalabe 0xC004F038.

Koma chimene chimatiwawa kuposa zonse ndi cha mapulojekiti. Pulojekiti yatha, bungwe likulongedza, pachitika mwambo wopereka katundu ku sukulu, ku chipatala chaching'ono, ku ofesi ya zaulimi. Zithunzi zajambulidwa, m'manja mwaombedwa, mapepala asainidwa. Palibe watchula kuti Windows imene ili mkatimo inali ya bungwe lija, ndipo imadalira seva imene mwina yazimitsidwa kale kapena ili kutsidya kwa nyanja. Miyezi 6 isanathe makompyuta onse agwa pamodzi, ndipo mphunzitsi wamkulu akuyang'ana woyang'anira labu ngati ndiye waononga mphatso. Wofunsidwa palibe, poti ofesi ya pulojekiti inatsekedwa ndipo manambala a foni amene tinali nawo sakugwiranso. Ife timayamika mphatso, ndipo sitikuti opereka anali ndi mtima woipa. Koma wopereka kompyuta amadziwa chimene chili mkati mwake, wolandira sadziwa, ndipo chiganizo chimodzi chokha pa kalata yoperekera katundu chikanapulumutsa anthu ku mikangano yambiri. Zomwezi zimachitika ndi makompyuta a kaunjika ochokera ku Dubai, ku UK kapena ku South Africa, amene kale anali a kampani ina. Amafika akuoneka bwino, wogulitsa n'kukuonetsa pa sikirini kuti, "Onani nokha bwana, ndi activated." Akunena zoona za tsiku limenelo, chifukwa masiku 180 aja sanathe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kuona zimenezi sikufuna digiri. Ukatsegula kawindo kotchedwa cmd n'kulemba slmgr /xpr, kompyuta imakuuza yokha ngati inatsimikizidwa mpaka kalekale kapena ngati pali tsiku limene chilolezo chidzathe. Ukalemba slmgr /dlv imakuonetsa mtundu wa laisensi: RETAIL kawirikawiri ngati inagulidwa payokha, OEM ngati inabwera ndi kompyuta kuchokera ku fakitale, VOLUME_KMSCLIENT ngati ndi yopikula ija yodalira seva. Kuona zimenezi sikufuna ngakhale pasiwedi ya admin, ndipo kumatenga nthawi yochepa kuposa kusaina fomu yolandirira katundu. Kompyuta yogulidwa m'sitolo ndi ofesi imene ilibe seva iliyonse ikaonetsa VOLUME_KMSCLIENT, ndiye kuti pali funso loti wogulitsa ayankhe cheke chisanatuluke. Ife tinazimva kwa anzathu, aliyense atapsa kale payekha, pomwe zinayenera kukhala zinthu zouzidwa pa sabata yoyamba ya ntchito.

Gwero lina ndi laling'ono mokwiyitsa. Mkati mwa kompyuta ya padesiki muli kabatire kozungulira, kaphwatalala, kolembedwa CR2032, kamene ntchito yake ndi kusunga deti ndi nthawi pamene magetsi kulibe. M'makompyuta a kaunjika kabatireka kamafika katatopa kale, ndipo kuno kumene soketi imakhala yopanda moto maola ambiri kamatha msanga. Kakatha, ukayatsa kompyuta m'mawa umapeza yabwerera ku chaka chakalekale. Seva ya KMS sivomera kompyuta imene wotchi yake yasiyana ndi yake ndi maola oposa 4, imabweza 0xC004F06C, ndipo ngakhale potsimikizira kudzera pa intaneti deti yolakwika imakanidwa, kanambala kake 0x80072F8F. Pali chinanso chobisika kwambiri. Makompyuta ambiri amaikidwa Windows mothamanga n'kusiyidwa pa nthawi ya ku America, ya Pacific, imene ili m'mbuyo ndi maola 9 kapena 10 poyerekeza ndi yathu. Munthu amaona wotchi yalakwa, amaikonza ndi manja kuti ifanane ndi ya pakhoma, koma osasintha chigawo cha nthawi kuti chikhale cha Harare, Pretoria chimene ndi chogwirizana ndi kwathu. Pa sikirini nthawi ikuoneka yolondola, koma kwa seva kompyutayo yasiyana nayo ndi maola ambiri. Tili ndi anzathu amene anataya mafayilo a zaka zambiri chifukwa kompyuta inafomatidwa, pomwe chofunika chinali kabatire kopezeka kwa ogulitsa mawotchi pamsika.

Za magetsi sitingazidumphe. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo m'maofesi mwathu makompyuta ankangosinthasintha pakati pa magetsi ndi jenereta, ambiri opanda UPS kapena chotchinjiriza chilichonse. Moto ukamabwera mwadzidzidzi chimene chimapsa ndi power supply, nthawi zina motherboard. Amisiri athu ndi aluso, amachotsa motherboard pa kompyuta ina yakufa n'kuikamo, makina n'kudzukanso. Koma laisensi ya Windows imamangidwa ku motherboard. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, kiyi wa ku fakitale salembedwanso pa sitika, amasungidwa mkati mwa motherboard momwemo, ndipo chibwerere Windows 10 mu 2015 maseva a Microsoft amakumbukira kompyuta ndi chizindikiro cha zipangizo zake. Ukasintha motherboard, kwa iwo imeneyo ndi kompyuta ina, ndipo umalandira 0xC004F211 kapena 0xC004F213. Laisensi ya OEM imapita ndi motherboard yakufayo, kupatula ngati wasintha ndi wopanga kompyuta pa waranti. Ya RETAIL imatha kusamutsidwa, ndipo ngati inalumikizidwa ku akaunti ya Microsoft ngozi isanachitike, pa tsamba la Activation pali njira yonenera kuti wasintha chipangizo posachedwa. Koma akauntiyo ndi ya ndani? M'maofesi ambiri amene anaitsegula anasamutsidwa, anapuma ntchito, kapena anachoka ndi nambala ya foni imene khodi imatumizidwako. Ofesi inalipira, koma umboni wake uli m'thumba la munthu amene sitikudziwa kumene ali.

Tsopano tifike pa mawu amene timawaopa kuposa uthenga wa pakona womwewo: "Tingoifomata." Wokonza amabwera ndi fulashi yake imodzi yokonzedwa kuti iziika Windows Pro yokhayokha, ndipo amaika pa kompyuta iliyonse imene wakumana nayo. Laputopu inabwera ndi laisensi yabwinobwino ya Home mkati mwake, koma kiyi wa Home satsegula Pro. Kompyuta imene dzulo inali yovomerezeka lero ilibe laisensi, ndalama zimene ofesi inalipira zili momwemo mu motherboard zosagwiritsidwa ntchito. Pa makompyuta akale kiyi ali pa sitika ya m'mbali kapena ya kunsi, yofufutika ndi fumbi ndi thukuta, moti 8 ndi B sizikusiyanitsika. Ngakhale sitikayo iwerengeke, njira imene amisiri ankaidalira kwa zaka zambiri, yotenga kiyi wa Windows 7 kapena 8 n'kutsimikizira nayo Windows 10, inatsekedwa mu Seputembala 2023. Amene sanamve nkhaniyo amafomata kaye, n'kudzazindikira pambuyo kuti kiyi akukanidwa. Ndipo pofomatapo amatifunsa kuti, "Mafayilo ofunika munasunga?" kompyuta itayamba kale kufufuta.

Zonse zikakanika pamatuluka kiraki. Timaona ndi maso athu: antivayirasi izimitsidwe kaye, kapulogalamu kotsitsidwa pa intaneti kayendetsedwe, mawu aja achoke, aliyense apume. Ife mtima sukhala pansi. Mapulogalamu monga KMSPico amanamizira kukhala seva ya KMS mkati mwa kompyuta momwemo, choncho nawonso amayendera masiku 180 omwe aja, ndipo antivayirasi ikadzuka n'kuwachotsa vuto limabwerera pomwe linali. Koma choopsa chenicheni n'china. Kumapeto kwa 2021 akatswiri a chitetezo cha makompyuta anaulula kuti mafayilo ena ofalitsidwa ndi dzina la KMSPico ankabwera ndi pulogalamu yobisika yotchedwa Cryptbot, yoba mapasiwedi ndi zinsinsi zina zosungidwa mu browser. Pa makompyuta athuwa pali manambala a akaunti za kubanki za antchito, pali mayina a odwala ndi zotsatira za magazi awo, pali mayeso a ana amene sanalembedwe. Zinthu zimenezi anthu anatisungitsa potikhulupirira. Zikadzatuluka kunja, dzina limene lidzaoneke kuti ndilo limalowa pa kompyutayo ndi lathu, ndipo za tsiku limene antivayirasi inazimitsidwa palibe adzazikumbukire.

Anzathu a IT sitikuwada ayi. Ambiri ndi achinyamata ongoyamba kumene ntchito, ena ophunzira chabe, mmodzi kuyang'anira maofesi a m'boma lonse popanda njinga yamoto, popanda ndalama ya laisensi mu bajeti, atauzidwa kuti pofika mawa kompyuta ikhale ikugwira. Akapempha kuti pagulidwe laisensi amafunsidwa kuti, "Nanga mnzako uja ankangoika bwanji ulere?" Mwana wotero atani? Chimene timawapempha n'chochepa: asanakhudze kalikonse awerenge kanambala, aone deti, aone mtundu wa laisensi, ndipo atiuze zoona. Akatiuza kuti, "Amayi, kompyutayi inabwera yopanda laisensi, vuto si lanu," timagona tulo, ngakhale mawu aja akhalebe pakona.

Muzu wa nkhani uli ku ofesi yogula katundu. Makotesheni atatu, wotchipa ndiye wapambana. Pa invoyisi palembedwa kuti Windows 11 Pro yaikidwamo, ndipo palibe wofunsa ngati kuikamo kumeneko kuli ndi laisensi kumbuyo kwake. Wogulitsa woona mtima, amene anaphatikiza mtengo wa laisensi yeniyeni, amagonja kwa amene anaika kiraki, ndipo ulendo wina nayenso amaganiza kawiri. Laisensi ya Windows 11 Pro yogula payokha kwa Microsoft ndi pafupifupi madola 200. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola enieniwo kuwapeza ku banki ndi nkhani ina. Tikumvetsa kuti n'zolemera. N'chifukwa chake ena amathamangira makiyi a madola ochepa ogulitsidwa pa intaneti, amene ena mwa iwo ndi makiyi opikula a mabungwe ena, ogulitsidwa kwa anthu ochuluka kuposa chiwerengero chololedwa. Poyamba amagwira. Koma tsiku limene kompyuta idzafomatidwe, kiyi yemweyo amakanidwa, 0xC004C008 kapena 0xC004C020 ngati wapyola malire, 0xC004C003 ngati watsekedwa, ndipo wogulitsa uja sayankhanso. Maofesi amene anasamukira ku laisensi zolipira mwezi ndi mwezi nawonso ali ndi lawo. Office ya mtundu umenewo imafuna kulumikizana ndi intaneti kamodzi pa masiku 30 alionse, ndipo bilu ya madola ikachedwa kulipiridwa kamzere kachenjezo kamadzafika pa desiki iliyonse.

Galimoto ya ofesi ili ndi blue book yotsekeredwa mu kabati ya a bwana, ili ndi inshuwalansi imene tsiku lake lothera limadziwika, ili ndi buku la maulendo limene dalaivala amasaina. Palibe bwana angalandire galimoto yopanda mapepala chifukwa choti injini ikulira bwino. Kompyuta ili ndi nambala yolembedwa ndi penti pambali pake, ndipo mu kaundula wa katundu muli mtundu wake, mtengo wake ndi chipinda chimene ili. Za laisensi mulibe ngakhale mzere umodzi. Owerengera chuma akabwera amawerenga mbewa ndi makiyibodi, amafunsa mpando umene wasowa, koma chinthu cha madola 200 chimene chinalipiridwa pa kompyuta iliyonse, kapena chimene chinalembedwa pa invoyisi koma sichinabwere, sachifunsa.

Palinso masiku ena amene cholakwa sichinali cha munthu aliyense wa mu ofesi, ndipo ndi olembedwa poyera. Mu Ogasiti 2007 maseva a Microsoft otsimikizira Windows anasokonekera, makompyuta pafupifupi 12,000 n'kulembedwa molakwika kuti Windows yawo si yeniyeni. Mu Novembala 2018 anthu ambiri a Windows 10 Pro m'mayiko osiyanasiyana anadzuka n'kupeza uthenga wakuti laisensi yawo ndi ya Home, ndipo kampaniyo inavomera kuti vuto linali kumbali yake n'kulikonza. Mu Januwale 2019 makompyuta ena a Windows 7 a m'mabungwe, odalira KMS, anayamba kulemba kuti si enieni chifukwa cha kusintha kumene kunachitika ku maseva omwewo. Pa masiku ngati amenewo wothamangira kufomata ndiye amaononga. Tikutchula zimenezi kuti a bwana adziwe kuti pakati pa desiki ya mlembi ndi mawu aja pali anthu ndi makina ambiri, ndipo mlembi ndiye womaliza amene angaganiziridwe.

Nkhaniyi ikufunika kukambidwa tsopano chifukwa kugula kwina kukubwera. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kupereka ma apudeti wamba a chitetezo a Windows 10, monga inachitira ndi Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ya Intel kuyambira m'badwo wa 8, zimene makompyuta ambiri a pamadesiki athu alibe. Tikudziwa chimene chichitike ngati palibe woyankhula: ena adzakakamiza Windows 11 pa makina osayenera, ena adzagula kaunjika wina amene makampani akunja akutaya chifukwa cha lamulo lomweli, ndipo pakatha miyezi 6 tidzafunsidwanso kuti taipanga chiyani. Ena amati bwanji osangoika Ubuntu ndi LibreOffice, zimene n'zaulere ndipo sizifunsa kiyi. Ku labu ya sukulu kapena pa kompyuta yongolembera makalata ambiri a ife tingazilandire ndi manja awiri, bola tiphunzitsidwe. Koma mafomu ochokera ku likulu amabwera ndi ma macro a Excel, ndipo mapulogalamu ena a za ndalama amafuna Windows basi. Chisankho chimenecho chichokere kumwamba, chibwere ndi maphunziro, asatisiye tokha ndi makina amene sakutsegula fomu imene likulu lomwelo likufuna pofika Lachisanu.

Makatoni atsopano akadzafika, wosunga katundu asasaine fomu mpaka kompyuta iliyonse itayatsidwa pamaso pa wogulitsa, mtundu wa laisensi utaonedwa n'kulembedwa pafupi ndi nambala ya penti ija. Akaunti imene laisensi yamangidwako ikhale ya ofesi, pa nambala ya foni ya ofesi, ndipo kapepala kake kalowe mu fayilo imene wobwera pambuyo adzaipeze. Laputopu yopita kutali ipatsidwe laisensi yotha kukhala kutaliko. Pa makompyuta amene alipo kale, wa IT apatsidwe nthawi ndi mayendedwe kuti adutse desiki ndi desiki, alembe kuti iyi ili bwino, iyi ikufuna kabatire, iyi ili ndi kiraki, iyi ilibe laisensi chibwerere, popanda kuopa kuti chimene wapeza chimugwera iyeyo. Chaka cha boma cha za ndalama chimayamba pa 1 Epulo, ndipo mndandanda umenewo uyenera kufika kwa okonza bajeti manambala asanatsekedwe.